Tifunseni: Mipando ya "Louis" ija, yeniyeni ndi iti ndipo yabodza ndi iti?

FUNSO: Moni akulu. Ine ndili ku Leeds kuno, ndimagwira ntchito yosamala okalamba ndipo ndikakhala pa ofu ndimakonda kupita ku ma okushoni a katundu wa m'nyumba kukangoona. Tsiku lina ndinaona kabati ya madilowa yotupa mimba ngati, pamwamba pali mwala wa mabo, m'makona muli zitsulo zagolide zamaluwamaluwa. M'kabuku analemba kuti ndi ya sitayilo ya Louis XV koma inapangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pa loko pali dzina loti Sormani. Nde nditafufuza ndinapeza kuti Louis XV anamwalira 1774. Kodi si feki imeneyi? Chifukwa mtengo umene anaikapo ndi wa galimoto yabwino ndithu. Mlongo wanu, ku Leeds.

YANKHO: Achemwali, si feki ayi, ndipo kabukuko kanakuuzani zoona. Akalemba kuti sitayilo ya Louis XV akutanthauza maonekedwe chabe, miyendo yokhota, mimba yotuluka, zokongoletsa zonga zigoba za nkhono ndi masamba. Akanati ndi ya nthawi yeniyeniyo ya Louis XV, mfumu ya ku France, ya pakati pa 1715 ndi 1774, bwenzi mtengo wake simunauyerekeze ndi galimoto, mwina ndi nyumba.

Kuti mumvetse chifukwa chake anthu a m'ma 1880 ankapanga katundu wa m'ma 1750, yambirani pa chipolowe cha ku France cha 1789. Ufumu utagwa boma latsopano linkafuna ndalama, nde kuyambira 1793 mpaka 1794 anagulitsa pa okushoni katundu wa ku nyumba yachifumu ya Versailles, chaka chathunthu akungogulitsa, milu yoposa 17,000. Zambiri zinagulidwa motchipa ndi a malonda ndipo m'kupita kwa nthawi zinathera ku England m'nyumba za anthu achuma, n'chifukwa chake inuyo muli ku Leeds mutha kukwera sitima kukaona katundu wa mafumu a ku France ku Wallace Collection mu London, kulowa kwaulere, kapena ku Waddesdon Manor nyumba ya banja la Rothschild. Patapita zaka 60 anthu a ku France anayamba kuzilira zinthu zomwe anagulitsazo. Nthawi ya Napoleon III, 1852 mpaka 1870, mkazi wake Eugénie ankaikonda kwambiri mbiri ya Marie Antoinette, mkazi wa mfumu Louis XVI uja anaphedwa pa chipolowecho, ankasonkhanitsa zinthu zake ndipo zipinda zake ankafuna zizioneka ngati za mfumukaziyo. Mkazi wa mfumu akakonda chinthu, akazi a anthu a mabanki, a njanji, a mafakitale onse amachifunanso, koma zenizenizo zinali zochepa ndipo zabwino koposa zinali kale m'manja mwa boma kapena kunja. Apa ndi pamene amisiri a mu Paris anapezera msika.

Paul Sormani ameneyo anabadwira ku Italy mu 1817, anakhazikika mu Paris, ndipo kuyambira 1867 shopu yake inali pa nambala 10 rue Charlot. Dzina ndi keyala ankazilemba pa chitsulo cha loko, pomwe mwaonapo pomwepo. Iye anamwalira 1877 koma mkazi wake ndi mwana wake anapitiriza ntchito ndipo shopuyo inakhalapo mpaka 1934, nde dzina la pa loko lokha silikuuzani kuti mwini wakeyo anaigwira ndi manja ake. Anzake a msinkhu umenewo anali Henry Dasson, yemwe anayamba ngati mmisiri wa bulonzi ndipo ankakonda kulemba dzina lake ndi chaka pa chitsulo chenichenicho, banja la Beurdeley bambo ndi mwana omwe anatseka 1895, Joseph-Emmanuel Zwiener wochokera ku Germany, ndi François Linke yemwe ndimukamba m'munsimu. Onani bwino apa: anthu amenewa sankanamiza wogula kuti ichi chinakhalapo m'chipinda cha mfumu. Ankalemba maina awo, ankapita nazo ku zionetsero zikuluzikulu za mu Paris za 1867, 1878, 1889, 1900 n'kumalandira mendulo. Munthu wopanga feki salemba keyala ya shopu yake pa loko.

Chimodzi chokha muchenjere nacho, loko imachotseka. Alipo anthu omwe amatenga loko ya dzina n'kuimanga pa kabati wamba, nde ngati tsiku lina mudzafune kugula, onani ngati malo omwe loko yakhalapo anasemedwa mofanana nayo, ngati palibe mabowo akale a masikuluwu omwe sakugwirizana, ndipo ntchito ya kabati yonse igwirizane ndi dzinalo. Ya Sormani ngakhale mkati mwa dilowa mumakhala mosalala bwino.

FUNSO: Ine ndine kalipentala ku Mchesi, zaka zanga pa ntchitoyi ndi zambiri ndithu. Makasitomala amabwera ndi zithunzi pa foni, akuti ndipangireni ngati ichi. Mwana wanga amene ali ku koleji akuti bambo inu ndinu okopera chabe, mmisiri weniweni amapanga zake. Zinandipweteka. Nde ndinamva kuti ngakhale azungu a ku France ankakopera. Ankapanga bwanji, ndipo ankawalemekeza? Bambo wa ku Mchesi, Lilongwe.

YANKHO: Bambo, funso lanu ndi limene landikhudza kwambiri mwezi uno ndipo ndiyankha motalika, mwanayo mumuwerengere.

Kuli desiki ina ku Versailles imene amati Bureau du Roi, desiki ya mfumu. Anaiyamba Jean-François Oeben mu 1760, anamwalira 1763 isanathe, anaimaliza wophunzira wake Jean-Henri Riesener mu 1769, zaka 9 desiki imodzi. Ili ndi chivindikiro chozungulira chopangidwa ndi timatabwa ting'onoting'ono chomwe chimatsetserekera kumbuyo, ndipo kiyi mmodzi ukamupotoza amatseka chivindikirocho pamodzi ndi madilowa. Desiki imeneyi ndi yomwe amisiri a zaka 100 pambuyo pake ankayeserapo luso lawo. Dasson anaipanga, Beurdeley anaipanga, Zwiener anaipanga, Linke anaipanga kangapo, ina yomwe anaitanitsa bwana wachuma wa ku England, Marquess of Hertford, m'ma 1850 ili ku Wallace Collection mpaka lero. Palibe ankawanyoza kuti okopera. Kuti ukopere chinthu chotere uyenera kumvetsa chifukwa chimene mwini wake anadulira apa osati apo, makina a mkati akuyenda bwanji, thabwa lidzapindika kulowera kuti likauma, ndipo ukalakwitsa pang'ono pokha chivindikiro chija sichitseka. Inu mukudziwa zimenezi kuposa ine, chithunzi cha pa foni sichionetsa kumbuyo, sichionetsa ma jointi, zonsezo zimachokera m'mutu mwanu.

Za kapangidwe. Nthawi ya mafumu ntchito inali yogawidwa mwalamulo ndi mabungwe a amisiri. Menuisier ankapanga za mtengo wathunthu monga mipando ndi mabedi, ébéniste ankapanga makabati ndi madesiki omata viniya, timatabwa topyapyala ta mitengo yodula tomwe amamata pamwamba pa thupi la mtengo wa oak. Wosungunula bulonzi anali wina, wosalaza ndi kusema bulonziyo ndi tizitsulo wina, wopaka golide wina, wa mwala wa mabo wina, wa nsalu za pampando winanso, ndipo kulowerera ntchito ya mnzako unali mlandu. Kuyambira cha m'ma 1750 mmisiri aliyense wovomerezeka ankayenera kudinda dzina lake ndi chitsulo pa thabwa, nthawi zambiri pansi pa mwala wa pamwamba uja, pambali pake bungwe n'kudindapo zilembo JME kusonyeza kuti laiona ntchitoyo. Mabungwe amenewa anathetsedwa mu 1791. Nde amisiri a m'ma 1800 anali ndi ufulu umene agogo awo analibe, wosunga ntchito zonsezi pansi pa denga limodzi, ndipo n'chifukwa chake pa katundu wabwino wa Dasson kapena Linke bulonzi imakhala pa thabwa ngati inamerera pomwepo, mpata olo wolowetsa pepala palibe. Ine maganizo anga, ndipo ena a zakale sagwirizana nane, ndi oti pa ukhondo wa ntchito ena mwa okoperawa anawaposa eni ake.

Ambiri ankagwirira ku Faubourg Saint-Antoine, dera la kum'mawa kwa mzinda wa Paris lomwe kuyambira kale amisiri obwera, makamaka ochokera ku Germany, ankaloledwa kugwira ntchito popanda kulowa m'bungwe. Tingoti ndi Mchesi wa ku Paris, utuchi m'misewu, mashopu othithikana, mphunzitsi ndi anyamata ake. Oeben ndi Riesener omwe aja anali ochokera ku Germany.

Tsopano Linke, amene mwana wanu ayenera kumudziwa. Anabadwa 1855 m'mudzi wa Pankraz ku Bohemia, lero ndi Czech Republic, m'banja losauka, anaphunzira ukalipentala kwawo, anafika mu Paris 1875 n'kumagwirira ena, mpaka 1881 anatsegula yake pa 170 rue du Faubourg Saint-Antoine. Zaka pafupifupi 20 ankapanga zokopera za Louis XV ndi Louis XVI, kuphunzira, kusunga ndalama. Kenako chionetsero cha 1900 chikuyandikira anatenga wosema zithunzi Léon Messagé, yemwe anagwirapo ntchito ndi Zwiener, n'kupanga zinthu zomwe sizinakhalepo, mizu yake ndi ya Louis XV koma mizere yake ikuyenda ngati madzi monga mwa sitayilo yatsopano ya nthawiyo ya Art Nouveau. Anathira ndalama zake zonse popanda oda ya munthu, zikanakanika akanagwa. Desiki yake yaikulu ya Grand Bureau inapata mendulo ya golide, makasitomala anayamba kuchokera kutali, anatsegula shopu yoonetsera pa place Vendôme, Simón Patiño wa migodi ya tini ku Bolivia anagula, ndipo m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 mfumu Fuad ya ku Egypt inaitanitsa zinthu zoposa 1,000, zambiri za ku nyumba yachifumu ya Ras el-Tin ku Alexandria. Anamwalira 1946. Zake zatsopanozo sakanazitha akanapanda zaka zokopera zija.

China chimene mungatengerepo kwa Linke ndi mabuku. Ankalemba chilichonse, sitayilo iliyonse ili ndi nambala yake, maola amene kalipentala wagwira, amene wosema bulonzi wagwira, mtengo wa thabwa ndi wa golide. Mabukuwo alipobe ndipo ndi amene akatswiri amagwiritsa ntchito lero potsimikiza katundu wake. Akalipentala athu ambiri amatchaja mtengo poyang'ana nkhope ya kasitomala, maola awo sawawerengera n'komwe, ndipo bedi la mlombwa lomwe lidzakhale zaka 50 limatuluka m'shedi lopanda dzina la amene analipanga. Pitani kwa osula akupangireni chidindo cha dzina lanu, muzidinda kumbuyo kapena pansi pamodzi ndi chaka.

FUNSO: Golide amene amakhala pa zinthuzi ndi weniweni? Nanga bwanji sachita dzimbiri zaka zonsezi? Wowerenga wa ku Chipata.

YANKHO: Ndi weniweni koma wochepa kwambiri, wangokuta pamwamba, mkati ndi bulonzi kapena mkuwa wosakaniza. Njira yakale inali yosakaniza golide ndi mekyure kukhala ngati phala, kupaka pa bulonzi, kenako kuika pamoto kuti mekyure auluke golide atsale atagwira zolimba, pomaliza malo ena amawapukuta ndi mwala wosalala kuti awale, ena n'kuwasiya osawala. Kukongola kwake kunali ndi mtengo wa moyo wa anthu, utsi uja ndi poizoni, opaka golide ankayamba kunjenjemera manja, mano kugweduka, ambiri sankakalamba. Ndi poizoni yemweyo amene akuvulaza abale athu okumba golide m'migodi ing'onoing'ono akamawotcha mekyure popanda chodzitetezera. M'ma 1840 kunabwera njira yopaka ndi magetsi, ya makampani a Elkington ku Birmingham ndi Christofle ku Paris, yotchipa komanso yopanda utsi wa mekyure uja, koma mashopu apamwamba ena anapitirizabe ya moto ija chifukwa golide wake amakhala wonenepa ndi wofewa m'maso. Golide sachita dzimbiri, akada ndiye kuti ndi fumbi ndi utsi, kapena wafufutika ndipo bulonzi ya pansi yaonekera.

FUNSO: Ndimagwira ntchito m'nyumba ku Joni. Abwana anga akusamuka nde andipatsa katebulo kakuda kamene kanali ka agogo awo, pamwamba pali zofiira ndi timizere ta mkuwa tokhotakhota, tina tatukuka tikukola nsalu ndikamapukuta. Ndikufuna ndikapalitse ndi sandipepala, ndipake vanishi, nditumize kumudzi ndi a transipoti. Ndichite bwanji? Mayi wa ku Johannesburg, kwawo ku Mzimba.

YANKHO: Mayi, sandipepala ayi, chonde. Mmene mwafotokozeramo imeneyo ndi ntchito ya sitayilo ya Boulle. André-Charles Boulle, 1642 mpaka 1732, anali mmisiri wa Louis XIV ndipo shopu yake inali mkati mwa Louvre, nyumba yachifumu ya mu Paris. Ankamata pamodzi chigoba cha kamba wa m'nyanja yamchere ndi chitsulo chopyapyala cha mkuwa n'kudula zonse kamodzi ndi kasowo kowonda, akalekanitsa zimatuluka ziwiri, china cha chigoba chokhala ndi maluwa a mkuwa, china cha mkuwa chokhala ndi maluwa a chigoba. Kufiirako ndi utoto kapena pepala lofiira lomwe lili pansi pa chigoba. Nthawi ya Napoleon III sitayilo imeneyi inabwereranso ndipo anapanga zambirimbiri, zabwino ndi za msika, nde kanuko mwina ndi ka nthawi imeneyo kapena ka pambuyo pake.

Mkuwa ukutukuka chifukwa guluu wake ndi wakale wa zikopa ndi mafupa, ndipo thabwa limafufuma ndi kufota malinga ndi chinyezi pomwe mkuwa sutero, nde kuuma kwa nyengo yozizira ya ku Joni kumazilekanitsa. Ubwino wa guluu ameneyu ndi woti amafewa ndi kutentha ndi chinyezi, wodziwa amatha kubwezeretsa kamzere kalikonse pamalo pake. Mukathira supa guluu ndiye mwatseka njira imeneyo. Panopa lekani kupukuta ndi nsalu, gwiritsani kaburashi kofewa, tizidutswa tomwe tagwa tisungeni mu envulopu, musapake mankhwala opukutira mkuwa chifukwa amalowa pansi n'kudya guluu, kachotseni padzuwa. Pezani wokonza katundu wakale kapena nyumba ya okushoni, ambiri amaona zithunzi n'kukuuzani chomwe muli nacho, ndipo pemphani abwanawo akulembereni kakalata koti anakupatsani ndi mbiri yake.

Za kutumiza kumudzi ganizani kawiri. Ngati chigobacho ndi cha kamba weniweni, kamba ameneyo ndi wotetezedwa pa mgwirizano wa CITES womwe South Africa ndi Malawi onse anasaina, kuoloka nacho malire kumafuna chilolezo olo chinthucho ndi chakale, kwathu amaona zimenezi ndi a nthambi ya National Parks and Wildlife. Zina za pambuyo pake anagwiritsa nyanga kapena pulasitiki, katswiri ndi amene angasiyanitse. Komanso masiku angapo pa ngolo, mabampu, dzuwa, kenako chinyezi cha dzinja ndi chiswe, kakhoza kufika katayoyoka. Mwina kugulitsa konko n'kutumiza ndalama kungakupindulireni kwambiri.

FUNSO: M'mashopu ena m'tauni muli masofa agolide osemasema, ogulitsa akuti ndi a ku France enieni. Zoona? Nanga feki yeniyeni imakhala yotani? Mnyamata wa ku Limbe.

YANKHO: Achimwene, zoti achokera kuti funsani mapepala a katunduyo, koma dziwani kuti mipando yatsopano ya maonekedwe amenewo yambiri padziko pano imapangidwa ku Damietta ku Egypt, ku Jepara ku Indonesia, ku Turkey ndi ku China. Ku Egypt sitayiloyi inazika mizu kwambiri mpaka anthu anaipatsa dzina loti Louis Farouk. Ena ndi osemedwa ndi manja pa mtengo weniweni ndipo ndi ntchito yabwino, ena maluwa ake ndi a pulasitiki oumba pa chikombole n'kupopera penti yagolide. Gogodani ndi chala, yang'anani pansi pa mpando, onani ngati duwa la kumanja ndi la kumanzere akufanana mpaka kachilema komwe, zikatero ndi chikombole. Kugula palibe vuto bola mulipire mtengo wa chomwe chili.

Feki yeniyeni ndi ina. Mu 2016 ku France kunaphulika nkhani yoti katswiri wina wotchuka kwambiri wa mipando ya m'ma 1700 ankagwirizana ndi mmisiri wosema waluso, ankatenga mitengo ya mipando yakale yotchipa kuti thabwa likapimidwa lioneke la zaka zoyenera, n'kusema, kupaka golide, kuikalambitsa dala, kenako kudindapo maina a amisiri akale ndi kumata timapepala tonamizira kuti inachokera m'nyumba zachifumu. Ina ankati inali ya Madame du Barry, chibwenzi cha Louis XV, ina ya Marie Antoinette, ndipo Versailles yeniyeniyo inagula ingapo ndi ndalama zambiri. Khoti la ku Pontoise linawapeza olakwa awiriwo mu June 2025. Luso la manja analinalo lofanana ndi la Sormani kapena Dasson, chomwe chinawatengera ku khoti ndi dzina la munthu wina lomwe anadinda pa thabwa.

Nde mukaona chinthu chomwe akuti ndi chakale, chidindo muchione pomaliza. Yambani ndi kumbuyo ndi pansi pomwe sapaka polishi. Ya m'ma 1700 thabwa lakumbuyo limakhala lokhakhala, zizindikiro za sowo yamanja ndi pulena zimaoneka, viniya ndi wonenepa ndipo sali wofanana paliponse, masikuluwu ndi osula pamanja. Ya m'ma 1880 mkati ndi mosalala, viniya ndi wopyapyala wochekedwa ndi makina, masikuluwu ndi ofanana onse, ndipo bulonzi ukaimasula nthawi zina kumbuyo kwake kuli zilembo za shopu, monga FL ya Linke kapena ZN ya Zwiener. Mukapeza pulayiwudi, chipibodi, mastepulo kapena masikuluwu a mutu wa mtanda ndiye kuti ndi ya posachedwa, kapena wina anaikonzapo, ndipo wogulitsa akuyenera kukuuzani kuti mwa ziwirizi ndi chiti musanatulutse ndalama.